Manja amene amadzutsa agogo ku Britain

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikupita ku Britain. Mpira wa kumeneko tausiya kaye, tikulowa m'nyumba zosamalira okalamba, zimene eni ake amazitcha care home. Ambiri a inu muli ndi mwana, mchemwali kapena mlamu amene amagwira ntchito mmenemo. Mukamufunsa kuti ntchito yake ndi yotani, amangoti, "Ndili ku care," basi nkhani yathera pomwepo. Ndalama ya fizi imafika, ya malata imafika, koma zimene munthuyo amachita maola 12 ali chiimire, ambiri sitizidziwa.

M'dziko lonse la Britain, anthu oposa 400,000 amakhala m'nyumba zoterezi, ndipo ambiri mwa iwo anapitirira zaka 80. Bungwe la Alzheimer's Society limati pa anthu 10 alionse okhala mmenemo, pafupifupi 7 ali ndi matenda a dementia kapena vuto lalikulu la kuiwala. Kwathu kuno timafulumira kuweruza kuti azungu amataya makolo awo. Ineyo sindigwirizana nazo kwenikweni. Gogo amene amadzuka 2 koloko usiku n'kutsegula chitseko kuti akupita kusukulu, kunja kukugwa chipale, sangasamalidwe ndi mwana mmodzi amene mawa lake akuyenera kulawirira kuntchito. Komanso malo amenewa si aulere ayi. Malo ambiri amalipiritsa ndalama zoposa mapaundi 1,000 pa sabata, ndipo ku England munthu amene chuma chake chapitirira mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha. Alipo ambiri amene amagulitsa nyumba imene anakhalamo moyo wawo wonse kuti apeze chipinda chimodzi, bedi ndi mpando.

Tiyeni tilowe m'mawa.

Shifiti ya masana imayamba 7 kapena 8 koloko, ndipo m'nyengo yozizira kunja kumakhala kudakali mdima. Ntchito yoyamba si kusambitsa munthu, ndi kumvetsera. Ausiku asanapite kukagona amakhala pansi ndi amasana n'kuwafotokozera za munthu aliyense, chipinda ndi chipinda. Amati handover. Uyu wagona bwino. Uyu wadzuka katatu. Uyu wakana kumwa madzi dzulo madzulo. Uyu ali ndi kamalo kofiira pachidendene. Mlendo atamva angati ndi nkhani zazing'ono, koma mumva posachedwapa kuti moyo wa munthu umatha kulendewera pa kamalo kofiira kameneko.

Kenako wosamalira amagogoda pachitseko. Amagogoda ngakhale akudziwa kuti mwini chipinda samva, chifukwa chipindacho ndiye nyumba yokhayo imene gogoyo watsala nayo. Amalowa, amatchula dzina lake, amatsegula makatani pang'ono. Asanayambe china chilichonse, amafufuza zinthu zitatu: magalasi, mano oikirira ndi kachipangizo ka m'khutu kothandiza kumva. Gogo wopanda zitatuzi amaoneka ngati wasokonezeka mutu, pamene vuto ndi lakuti sakuona, sakumva, ndipo akuchita manyazi kuyankhula. Kabatire ka m'khutu kakatha, munthu amene dzulo amacheza bwinobwino lero amangoyang'ana khoma.

Pakusambitsa, wodziwa ntchito savula munthu thupi lonse nthawi imodzi. Amafunditsa thaulo, n'kumasambitsa mbali imodzi kwina kuli kofunda. Amayamba kumaso ndi m'manja, ndipo ngati gogoyo angathe kudzipukuta yekha kumaso, amamupatsa kansalu kuti achite yekha, ngakhale zitenge nthawi. Chimene munthu wasiya kuchita kwa milungu ingapo sachitanso. Amaumitsa bwino m'khwapa, pansi pa mabere, m'mphechepeche ndi pakati pa zala za kumapazi, ndipo maso ake amakhala akuyendera khungu lonse. Amatulutsa malaya awiri n'kufunsa kuti, lero muvala ati? Kwa ife ndi funso lachabe. Kwa munthu amene sasankhanso nthawi yodya, yogona kapena yotuluka, mwina ndi chinthu chokhacho chimene asankhe yekha tsiku limenelo.

Apa ndi pamene mwana wa kwathu amakumana ndi mayeso. Tinaleredwa kuti munthu wamkulu satchulidwa dzina, ndipo maliseche a munthu wa msinkhu wa bambo ako si oti uwaone. Kumeneko mayi wa zaka 90 amafuna umutchule dzina lake lenileni, lopanda "a" kutsogolo. Ukati "agogo" kapena "mayi" ena amakwiya, amati, sindine mayi ako ine. Lilime limalemera masiku oyambirira. Palinso okalamba ena, makamaka amene dementia yawachotsa manyazi, amene amakana kugwiridwa ndi munthu wakuda, n'kulankhula mawu amene sindingawabwereze pawailesi. Wosamalirayo amatuluka, amapuma, amaitana mnzake, ndipo mawa amagogodanso pachitseko chomwecho.

Amene sangathe kuimirira amanyamulidwa ndi makina otchedwa hoist. Amamukulunga ndi chinsalu cholimba chokhala ndi zingwe, makinawo n'kumukweza m'mwamba kuchoka pabedi kupita pachikuku. M'nyumba zambiri lamulo ndi lakuti ntchito imeneyi igwiridwe ndi anthu awiri. Koma taganizani: mabelu atatu akulira, mnzako ali m'chipinda china, gogo akulira kuti akufuna kuchimbudzi tsopano lino. Mtima umati, ndingomunyamula ndekha mwamsanga. Ngozi zambiri za m'nyumbazi zimabadwira pomwepa. Chingwe chimodzi chikapanda kukoledwa bwino, munthu wa mafupa ofooka amagwera pansi kuchokera m'mwamba. Kudzinyamulira ndi manja nako kumathyola msana wa wantchito, ndipo ambiri amasiya ntchitoyi chifukwa cha msana.

(NYIMBO PANG'ONO)

Chakudya cham'mawa ndi phala la oats, buledi wowotcha, tiyi. Tiyi ndiye sakatha kumeneko, amayenda naye pakangolo m'mawa, masana ndi madzulo. Si mwambo chabe. Munthu akakalamba ludzu salimva msanga, ndipo ena amamwa pang'ono mwadala poopa kudzikodzera. Thupi likauma, matenda a njira ya mkodzo amabwera, ndipo mwa okalamba matendawa nthawi zina sayamba ndi kutentha thupi. Amayamba ndi kubalalika mutu. Gogo wofatsa mwadzidzidzi akuona anthu pakhoma, akumenya owasamalira. Wantchito watsopano amati dementia yakula. Amene wakhala naye zaka ziwiri amati, ayi, awa si mmene amakhalira, itanani anesi. N'chifukwa chake makapu amene munthu wamwa amalembedwa, ndipo masiku ano ambiri amalemba pafoni ya ntchito.

Kudya nako kuli ndi zoopsa zake. Amene anadwala sitiroko kapena amene dementia yafika patali amavutika kumeza. Madzi wamba amathamanga kwambiri pakhosi, amalowera kunjira ya mpweya, munthu n'kutsamwa kapena kudwala chibayo. Otere amawathirira ufa wina m'zakumwa kuti zilimbe, ndipo chakudya chawo amachinyenya kapena kuchipera. Pali muyezo wa padziko lonse wotchedwa IDDSI, woyambira pa 0, amene ndi madzi wamba, mpaka pa 7, chakudya cha masiku onse. Munthu wa pa 4 akapatsidwa mbale ya munthu wa pa 7, chidutswa chimodzi cha nyama chikhoza kumupha. Choncho wophika kukhitchini, amene alendo samuona n'komwe, nayenso amagwira moyo wa anthu m'manja. Wodyetsa amakhala pansi, maso ake alingane ndi a gogoyo, amaonetsetsa kuti wakhala tsonga, ndipo sapereka supuni yachiwiri yoyamba isanamezedwe. Mbale imodzi imatha kutenga theka la ola.

Za masana sinditaya nazo nthawi. Pamakhala masewera a bingo, kuimba nyimbo zakale, wokonza tsitsi, nthawi zina ana asukulu kapena galu woweta wobwera kudzacheza. Achibale amafika ndi maluwa. Ena alibe wobwera ngakhale mmodzi chaka chonse, ndipo wosamalira ndiye amasanduka m'bale.

Dzuwa likamapendeka zinthu zimasintha. Ambiri odwala dementia amayamba kusowa mtendere. Mayi amavala chikhoti, amanyamula kachikwama, amaima pachitseko: ndikufuna kupita kwathu, ana abwera kusukulu, mayi anga akundidikira. Anawo ali ndi zidzukulu, ndipo mayi akewo anamwalira kalekale. Ukamuuza kuti mayi anu anamwalira, amalira ngati wamva lero, ndipo pakatha ola afunsanso. Odziwa ntchito satsutsana naye. Amati, tandiuzani za mayi anu, ankaphika chiyani? Amayenda naye pang'ono, amamupatsa mathaulo kuti apinde, mpaka mtima utsike. Zitseko za kunja zimakhala ndi manambala achinsinsi, koma lamulo la Mental Capacity Act la 2005 silola kuti munthu angotsekeredwa popanda kuunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi akuluakulu a boma la dera.

Ndipatuke pang'ono. Zimene ndafotokozazi, gogo woyenda usiku, wolankhula ndi akufa, wopezeka pakhomo pa eni ake atavula, kwathu kuno tikudziwa dzina limene amapatsidwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti. Sindikunena kuti anthu amenewo ankadwala dementia. Ndikunena kuti matendawa aliko kunonso, ndipo gogo wopezeka kumanda usiku nthawi zambiri amafunika chipatala ndi womuperekeza kwawo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano za chitetezo. Mdani wamkulu ndi kugwa. A zaumoyo ku Britain amati pa anthu atatu a zaka zoposa 65, mmodzi amagwa kamodzi kapena kuposa pachaka, ndipo pa a zaka zoposa 80 ndi theka lathunthu. Mwana akagwa amadzuka n'kuthamanga. Gogo akagwa amathyoka fupa la m'chiuno, ndipo ambiri sayendanso ngati kale, ena chaka sichitha. Zogwetsa zake ndi zinthu wamba: silipasi yotayirira, madzi otayikira pansi, choyendera chimene wina wachiika patali ndi bedi, mapiritsi ogonetsa kapena a BP amene amachititsa chizungulire poimirira. Ambiri amagwa popita kuchimbudzi, belu atalikhudza koma wobwera palibe. Pambali pa bedi la oterewa amayala kamphasa kamene kamaliza alamu munthu akangopondapo. Koma alamu sigwira munthu. Ngati usiku pali antchito awiri pa anthu ambirimbiri, ndipo onse awiri ali m'chipinda china, alamuyo imangolira.

Kamalo kofiira kaja. Munthu akagona mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa lakanikiza khungu: pachidendene, m'chiuno, pamwamba pa matako. Poyamba pamangofiira. Ukadina ndi chala, khungu labwino limayera kenako n'kubwerera, koma pamene payamba chilonda sipasintha. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, pamangoda kwambiri, kutentha kapena kulimba, ndipo inu amene mukudwazika kunyumba mugwire mfundo imeneyi. Zikalekereredwa, chilonda chimaboola mpaka pafupa. Mankhwala ake enieni ndi kutembenuza wodwala maola awiri kapena anayi alionse, usiku womwe. Pepala likhoza kusainidwa kuti watembenuzidwa, koma khungu silinama.

Palinso timalamulo tina tooneka ngati tachabe. Madzi osamba m'bafa asapitirire madigiri 44, chifukwa khungu la gogo ndi lopyapyala ndipo ena samva kutentha. Mawindo a m'mwamba asatseguke kupitirira masentimita 10. Zitsulo za m'mbali mwa bedi, zimene zimaoneka ngati zoteteza, zaphapo anthu amene khosi lawo linapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Lamulo lililonse mwa amenewa linalembedwa pambuyo pa maliro.

Nkhani ya moto ndiikambe mwakachetechete. Ku Scotland kuli tauni yotchedwa Uddingston, kutsidya kwa mtsinje wa Clyde kuchokera ku Blantyre, mudzi umene David Livingstone anabadwira, umene unapereka dzina ku mzinda wathu. Kumeneko kunali nyumba ya okalamba yotchedwa Rosepark. M'bandakucha wa pa 31 Januwale 2004, waya wa magetsi unayaka m'kabati ya m'khonde la m'kati. Motowo sunali waukulu kwenikweni, ndipo sunayake nthawi yaitali. Chinapha anthu ndi utsi. Zitseko zambiri za zipinda zinali zotsegula, utsi unalowa anthu ali mtulo. Alamu italira, antchito anasokonezeka kuti moto uli mbali iti, ndipo panadutsa mphindi 9 asanaimbire ozimitsa moto. Okalamba 14 anafa.

Kafukufuku wa khoti, amene anatsogolera ndi Sheriff Principal Brian Lockhart, anatuluka mu 2011. Anapeza kuti imfazo zikanapeweka, zina kapena zonse, kukanakhala dongosolo loyenera la moto. Magetsi sankayenderedwa moyenera, ndipo antchito sanaphunzitsidwe mokwanira chochita alamu ikalira. Mverani bwino pamenepa. Amene anali pashifiti usiku umenewo sanali anthu oipa. Anali anthu amene sanakonzekeretsedwe. Kuyambira 2005 nyumba zatsopano za okalamba ku Scotland zimayenera kukhala ndi mipope ya kudenga yowaza madzi moto ukabuka. England inadikira mpaka Malichi 2025 kuti ichite chimodzimodzi. Lero wantchito aliyense amaphunzitsidwa kuti chitseko chotchinga moto sachisiya chotsegula pochipinga ndi mpando kapena chopondera, kutenthe bwanji, ndipo kuti poti anthu osayenda sungawatulutse onse panja nthawi imodzi, umawasuntha kuchoka mbali ya moto kupita kuseri kwa chitseko chotsatira.

(NYIMBO PANG'ONO)

Pali choopsa china chimene sichibwera ndi utsi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'kafukufuku wa m'malo osungira okalamba, antchito awiri pa atatu alionse anavomera okha kuti m'chaka chimenecho anachitirapo nkhanza wokalamba. Nkhanza zake si kumenya kokha. Kukalipira, kukoka mkono mwaukali, kusiya munthu m'mikodzo, kumuikira belu patali kuti asavutitse, zonsezo ndi nkhanza. Ku West Sussex kunali nyumba yotchedwa Orchid View, ya kampani ya Southern Cross, imene inatsekedwa mu 2011. Mu 2013 woweruza wofufuza za imfa anapeza kuti kulekerera kunathandizira imfa za anthu asanu mmenemo. Nyumbayo inali yatsopano, yokongola, yodula. Oyendera a bungwe la Care Quality Commission, limene limayang'anira nyumbazi ku England, anali atafikako kale. Amene anaulula anali mayi wogwira ntchito muofesi momwemo, ataona kuti zanyanya.

Oyendera amabwera mwa apo ndi apo. Makamera saloza paliponse. Amene amaona zonse ndi wantchito wa pansi, ndipo gogo ndi wotetezeka pokhapokha wantchitoyo ali ndi nthawi yoona, akumudziwa gogoyo, ndipo sakuopa kulankhula. Nkhani yoyamikira antchito imalowera pamenepa, ndipo ndi nkhani ya chitetezo yomweyo.

Mukukumbukira chaka cha 2020. Kuyambira pa 26 Malichi, Lachinayi lililonse 8 koloko madzulo, anthu a ku Britain ankaima pakhomo kuwomba m'manja ndi kumenya mapoto poyamikira a zachipatala ndi osamalira anthu. Anachita zimenezi milungu 10. Zinali zogwira mtima, sindikutsutsa. Koma m'milungu yomweyo, pakati pa mwezi wa Malichi ndi pakati pa Epulo, odwala pafupifupi 25,000 anatulutsidwa m'zipatala za ku England n'kutumizidwa kunyumba za okalamba, ambiri osayezedwa Covid. Okalamba anafa miyandamiyanda. Antchito ena anasiya mabanja awo n'kusamukira kuntchito komweko, kugona m'maofesi ndi m'matenti, kuti asabweretse matenda kuchokera kunja. Mu Epulo 2022 khoti lalikulu linagamula kuti ndondomeko ya boma ija inali yosemphana ndi lamulo.

M'manja atasiya kuwomba, malipiro anatsalabe otsika. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anafika mapaundi 12.21 pa ola, ndipo osamalira ambiri ankalandira pomwepo kapena kupitirira pang'ono. Mukasintha kukhala makwacha mudzati ndi chuma, koma chotsanipo lendi ya kumeneko, msonkho, magetsi otenthetsa nyumba ndi basi. Masitolo ena akuluakulu amalipira wosanja katundu pashelefu kuposa wosambitsa munthu. Ndipo amene wagwira zaka zisanu amasiyana pang'ono kwambiri ndi amene wayamba dzulo. Zotsatira zake anthu amachoka. Bungwe la Skills for Care linawerenga malo opanda anthu okwana 165,000 m'ntchito yosamalira akuluakulu ku England m'chaka cha 2021 mpaka 2022. Wina akachoka, amapita ndi zonse zimene ankadziwa: kuti uyu amamwa tiyi wopanda shuga m'kapu yobiriwira yokha, kuti uyu akayamba kukoka malaya ndiye kuti akufuna kuchimbudzi. Amene amabwera kudzatseka mpata kuchokera ku agency, kampani yobwereketsa antchito, amadziwa ntchito, koma sadziwa munthu.

Mabwana ambiri amayesetsa ndithu. Amapachika chithunzi cha wantchito wa mwezi, amagula keke, pa Khirisimasi achibale amabweretsa mabokosi a chokoleti. Zabwino zimenezo, ndipo kakhadi kolembedwa ndi mwana wa malemu, kothokoza amene anagwira dzanja la mayi ake usiku womaliza, antchito amakasunga zaka. Koma mutandifunsa ine, kuyamikira kwenikweni kumaoneka pa rota, pepala losonyeza amene ali pashifiti. Kodi pali anthu okwanira? Kodi wantchito wapeza mpata wokhala pansi n'kudya? Kodi maola ophunzira akulipidwa? Gogo amene wamusamalira zaka zitatu akamwalira m'mawa, kodi wina amamufunsa kuti uli bwanji, kapena amangomuuza kuti ayalule bedi, kukubwera wina? Nanga akanena kuti chingwe cha hoist chayamba kuthetheka, amamumvera kapena amamuona ngati wovuta? Ochapa zovala, okolopa ndi okonza zowonongeka asaiwalike. Wokolopa amene waika chikwangwani pamalo ponyowa wapulumutsa chiuno cha munthu.

Nafenso kuno tili ndi mbali yathu. Nthawi ya kumeneko imatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Munthu amene waweruka 8 koloko m'mawa atachezera usiku wonse, pamene inu mukudya nsima ya masana iye ali pakati pa tulo. Foni yofunsa ndalama ya feteleza ikhoza kudikira madzulo. Ambiri amagwira mashifiti owonjezera chifukwa cha mndandanda wa zopempha za kumudzi, ndipo munthu wotopa ndiye amasokoneza mbale kapena kuiwala chingwe. Tsiku lina muimbireni osapempha kanthu, mungomufunsa za msana.

(NYIMBO PANG'ONO)

Kusowa kwa antchito kuja ndiko kunatsegula chitseko. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain linalola osamalira ochokera kunja kulowa ndi visa ya Health and Care Worker. Anthu masauzande ambiri anapita, makamaka ochokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi Ghana, ndipo a kwathu kuno ndi a ku Zambia analowa nawo. Ambiri anapeza mabwana achilungamo. Koma ena anagulitsa malo ndi galimoto kuti alipire madobadoba ndalama zankhaninkhani pogula chikalata cha sponsorship, chosonyeza kuti bwana wa kumeneko wawalemba ntchito, atafika n'kupeza kuti maola ndi ochepa, kapena ntchitoyo kulibe. Boma lenilenilo linanena kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda ziphaso zoposa 470 zolembera antchito akunja kwa makampani a ntchitoyi, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa.

Vuto la visa imeneyi ndi lakuti imamangiriridwa kwa bwana mmodzi. Bwana akakuchotsa, uli ndi nthawi yochepa yopeza wina, apo ayi ubwerere kwanu ndi ngongole. Tsono taganizani mtsikana wa ku Dedza amene waona mnzake akukankha gogo, kapena waona kuti usiku akumusiya yekha ndi anthu ochuluka. Alankhule? Mantha amenewo sapweteka iye yekha, amapwetekanso gogo amene ali pabedi. Kwa inu amene mukutimvera muli kumeneko: lamulo la Public Interest Disclosure Act la 1998 limateteza wantchito woulula zoipa, ndipo ku England mukhoza kudziwitsa Care Quality Commission kapena ofesi ya safeguarding ya khonsolo yanu osatchula dzina. Ku Scotland ndi Care Inspectorate. Lembani tsiku, nthawi ndi zimene mwaona ndi maso anu. Lowani m'bungwe la antchito ngati Unison kapena GMB zinthu zisanavute. Ndipo musasaine kuti mwatembenuza munthu amene simunamutembenuze, akuuzeni ndani.

Kwa inu amene muli kuno ndipo mukulakalaka ulendo umenewu, malamulo anasintha. Kuyambira Malichi 2024 wosamalira watsopano saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Ndipo pa 22 Julayi 2025 boma la Britain linatsekeratu njira yolembera osamalira atsopano kuchokera kunja. Munthu akakupezani pa Facebook kapena pa WhatsApp, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu, n'kunena kuti ali ndi malo a care ku Britain, mungotumiza ya poyambira, musagulitse munda, musatumize pasipoti. Funsani kaye ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe kapena muone pa tsamba la boma lawo la gov.uk.

Nthawi yathu yatha.

(NYIMBO YOTSEKERA)